Buku Limene Amalume Anasuta

Pa Katete ponse palibe munthu amene anandidyerapo masuku pamutu pa malonda. Mawu amenewa ndawanena pa maukwati, ndawanena pa maliro, ndipo ndikuwalembanso pano kuti asadzatsutsidwe ndikadzapita. Funsani aliyense amene analowapo m'kagolosale kanga. Munthu amabwera kuti angofunsa mtengo wa sopo, koma amatuluka atanyamula sopo, machesi ndi ambulera, kunja dzuwa lili phwee. Luso limeneli sanandiphunzitse munthu. Ndinali nalo kale ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'masiku a Chitaganya, pamene ndinkagulitsa nzimbe ndi mtedza wokazinga pa siteji, pomwe mabasi ndi malole opita ku Fort Jameson, komwe lero mukuti Chipata, ankaima kuti injini zizizire.

Dzina langa la ubatizo ndi Yotamu, koma pa siteji onse ankanditchula Mbasela, chifukwa sindinkachoka pamalo ogulira kanthu asanandiwonjezere kapamwamba. Ndikagula mchere m'sitolo, ndinkaima pomwepo ngati chitsa mpaka mwini sitolo atopa n'kundiponyera switi. Koma ndikamagulitsa ine, mbasela yanga inali mfundo ya nzimbe, ija yolimba yothyola mano.

Kwathu kunali amayi, alongo anga awiri, ine, ndi amalume a Lufeyo, amene ankatiyang'anira monga mwa mwambo wathu, ngakhale kuti chimene ankachiyang'anira ndi mtima wonse chinali fodya wawo wa chingambwe. Bambo anapita ku Wanki kukakumba malasha ine ndisanayambe kuvala kabudula, ndipo anangoti zii. Anthu ankati anatchona. Pakhomo pathu dzina lawo silinkatchulidwa kawirikawiri, ndipo ine ndinkadziuza kuti sindisamala.

Loweruka lililonse, dzuwa likangokwera pang'ono, pa siteji pankafika a Sajeni Mvula pa njinga yawo yakuda. Anali munthu wamtali, wowonda, wovala malaya a khaki ochapidwa mpaka kutuwa ndi jombo zopukutidwa zoti ungadziyang'anirepo nkhope. Anamenya nkhondo ku Burma, napuma usilikali ali Sajeni Meja, ndipo khutu lawo lakumanzere silinkamva chifukwa cha mizinga. Kumbuyo kwa njinga ankamangako bokosi lachitsulo lobiriwira, lomwe kale linkasunga zipolopolo. Akafika pansi pa mkuyu ankayala bulangete, n'kutsegula bokosi lija, n'kundandalika mabuku m'mizere ngati asilikali pa perete. Ambiri anali a Chinyanja, ochepa a Chingerezi. Ena anapatsidwa ku mishoni, ena anagula okha. Akatha kundandalika ankaliza wezulo yamkuwa yomwe inkalendewera pakhosi pawo, ndipo anthu ankabwera: telala, mkazi wa aphunzitsi, akatekisiti, ana asukulu, ngakhale ena oti sindinawaonepo akuwerenga ndi chikwangwani chomwe.

Munthu asanakhudze buku, a Sajeni ankakuwa kuti, "Manja!" Aliyense, kaya ndi wa imvi, ankatambasula manja, kuonetsa mkati ndi kunja. Wa manja akuda ankatumizidwa ku chitsime. Wa manja oyera ankasankha buku n'kumapita nalo kwawo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti sindinaonepo kanthu kakuchoka m'thumba la munthu kupita m'manja mwa a Sajeni. Ndinkasiya nzimbe zanga n'kumazungulira mkuyu uja, maso ali pa zala za anthu. Palibe. Ndinaganiza kuti mwina amalemba anyamata usilikali mwakabisira. Ndinaganiza kuti mwina ndi kazitape wa boma, kapena akuyambitsa mpingo wawo, kapena pansi pa mabuku pali mankhwala ogulitsa. Tsiku lina ndinawatsatira chapatali mpaka kwawo, n'kungowaona akutsamiritsa njinga, kuvula jombo ndi kuyamba kudyetsa nkhuku. Munthu wopalasa njinga mtunda wonsewo, kunyamula chitsulo cholemera chotero, popanda phindu! Mutu wanga wa malonda unakana.

Loweruka lotsatira ndinasamba m'manja, n'kukaima patsogolo pawo.

"A Sajeni, buku limodzi n'zingati?"

"Lankhulira mbali iyi, mnyamata. Uko anatseka Ajapani."

Ndinazungulira. "Ndati limodzi n'zingati?"

"Ulere. Uwerenge, ubweze."

"Nanga awiri?"

"Ulerenso."

"Ndiye inuyo mumadya chiyani?"

"Ndimadya kunyumba," anatero, nkhope ili gwa.

Apa nzeru zanga zinayamba kuthamanga. Katundu amene mwini wake akuchita kuitanira anthu ndi wezulo kuti adzatenge ulere, ndiye kuti sakuyenda malonda. Ndipo katundu wosayenda malonda sachoka popanda mbasela.

"Chabwino," ndinatero, manja m'chiuno. "Ndikakutengerani limodzi, mundiwonjezera chiyani?"

Telala anaseka mpaka kutsokomola. A Sajeni anandiyang'ana kuyambira ku mapazi anga ong'aluka mpaka kumutu.

"Ukufuna ndikulipire kuti uwerenge?"

"Kuwerenga ndi ntchito, a Sajeni. Kusukulu amachita kutikwapula kuti tiigwire."

"Ukufuna chiyani?"

Ndinaloza wezulo. Ndinali nditaisirira kwa nthawi yaitali. Ndinkadziona ndikuitanira makasitomala nayo, ndiponso ndikulamula mpira wachikulunga kumudzi, anzanga onse akundiopa.

"Umalize buku, udzandiuze mmene nkhani yathera, wezulo ikhala yako."

"Mbasela sibwera mawa, a Sajeni. Imaperekedwa pompo."

Kenaka anafunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditatchula dzina la amayi ndi mudzi wathu, anati, "Wa bambo aja ali ku Wanki?" Ndinavomera. Dzanja lawo linadumpha timabuku tonse topyapyala tomwe tinali pa bulangete, n'kulowa pansi penipeni pa bokosi. Linatuluka ndi buku lonenepa, lokutidwa ndi nsalu ya khaki yosokedwa pamanja. Anandipatsa, navula wezulo, n'kundiveka pakhosi anthu onse akuona. Ndinachoka pamenepo ndikuyenda ngati mwini msewu. Ndinali nditagula chinthu chaulere n'kulandiranso mbasela. Ndani winanso anachitapo zotere?

Nzeru yanga inali yapafupi. Anati ndidzawauze mathero. Sananene kuti ndiyambire poyamba. Nditangokhota kuseri kwa masitolo ndinatsegula tsamba lomaliza. Ndinapeza munthu wina dzina lake Zakeyo ali m'bwato pakati pa Zambezi, madzi akulowa, iye atakumbatira chinthu cholemera chokulunga m'chiguduli. Wopalasa bwato anakuwa, Zakeyo anaimirira, ndipo mawu anathera pomwepo, pakati pa chiganizo. Ndinatembenuza tsamba, n'kungopeza nsalu ya khaki. Poti ndinali ndisanamalizepo buku m'moyo wanga, ndinaganiza kuti mwina mabuku amatha chonchi, ndipo amene wayambira poyamba ndiye amadziwa tanthauzo lake. Ndinadandaula, koma ndinayamba tsamba loyamba.

Masiku amenewo sindinkatha kuwerenga chamumtima. Ndinkawerenga ndi chala ndi pakamwa pomwe, mokweza, ngati ndikuitanira malonda. Madzulo ndikaweruka ku siteji ndinkakhala pakhonde, amayi ali chapatali akusenda mtedza m'lichero. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndikasokosere mbuzi. Koma nkhani inali ya munthu amene anasiya mkazi ndi mwana wakhanda n'kupita kumwera kukafuna ntchito. Anagwira m'mafamu, anagwira m'migodi, zaka zikungopita, iye akungoti chaka chamawa ndipita kwathu. Potsiriza anagula makina osokera, nawasenza pamutu, n'kuyamba ulendo wapansi wobwerera kwawo. Tsiku lachitatu ndinaona kuti lichero lasendera pafupi. Pofika pakati pa buku amayi ankachita kundikumbutsa okha kuti dzuwa likupita, ndipo ine ndinali nditasiya kuliza wezulo ija. Ndikamagulitsa nzimbe ndinkangoganiza za Zakeyo, kuti makina aja akumupweteka bwanji m'khosi.

Tinafika pa bwato paja. Ndinawerenga mpaka pomwe Zakeyo anaimirira, n'kulekera pomwepo. Amayi sanadzutse mutu. Zala zawo zinapitiriza kuswa makoko.

"Nanga anafika?"

"Masamba atha, amayi."

"Atha bwanji munthu ali pamadzi?"

Ndinaliyang'anitsitsa bukulo, ndipo pamsoko pake ndinaona timizere ta mapepala otsalira. Masamba anachita kung'ambidwa, mosamala, limodzilimodzi. M'mawa mwake ndinayamba kufufuza amene analibwerekapo. Onse anati analipeza lili choncho, ndipo aliyense anali atadzipangira mathero ake. Akatekisiti anati Zakeyo anamira ndithu, chifukwa zikuoneka kuti anawoloka tsiku la Sabata. Mkazi wa aphunzitsi anati anapulumuka n'kukwatira mwana wa wopalasa bwato, poti amuna ndi momwe alili. Telala analibe naye ntchito Zakeyo; iye ankangodandaula makina, kuti akalowa madzi amachita dzimbiri. Koma ndi telala yemweyo amene anandiuza kuti, "Mwezi umene bukuli linafika kumene, ndinaona amalume ako atalipana m'khwapa."

Amalume a Lufeyo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ndinawapeza atakhala pa mpando wachikopa kuseri kwa nkhokwe, akupichira fodya m'khoko la chimanga.

"Amalume, kodi munabwerekapo buku kwa a Sajeni?"

"Ndinabwereka. Kodi ndi a ophunzira okha? Anati aliyense wa manja oyera."

"Munaliwerenga?"

"Ndinaligwiritsa ntchito." Ananyambita khoko lija, n'kulimata. "Pepala lake, mphwanga, ndi lofewa. Silithetheka ngati makokowa, silikanda pakhosi ngati nyuzipepala. Koma usandiyang'ane choncho, ndinachita mwaulemu. Ndinayambira kumbuyo. Mnzako akakulola kuthyola chimanga m'munda mwake, suthyola cha m'mbali mwa njira pomwe aliyense aona, umapita kumapeto kwa munda. Ndani angafike kumbuyo konseko, buku lonenepa chonchi?"

Amayi anali ataima kumbuyo kwanga ndi mtsuko pamutu. "Alongo," anatero, "mwasuta munthu ali pakati pa mtsinje!"

Loweruka ndinapita kwa a Sajeni nditakonzeka bwino. Ndinaima njo ngati msilikali n'kunena kuti Zakeyo anawoloka, anafika kwawo, anatsegula shopu yosoka ndipo analemera kwambiri.

"Wanama," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinawauza za amalume. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva za mvula ya chaka chatha.

"Koma inu mathero mukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa."

"Ndiye ndiuzeni, ndikubwezereni wezulo yanu."

"Mbasela imabwereranso kwa wogulitsa? Pa siteji pano mumatero?"

"Ndikupatsani mtolo wa nzimbe."

"Mano ndilibe."

"Mtedza."

"Mnyamata, ine nkhani sindigulitsa, ndipo sindisimba. Ndimabwereketsa mabuku."

Aka kanali koyamba kukumana ndi munthu amene ali ndi katundu yemwe ndikumufuna, koma iye osafuna chilichonse changa. Ndinaima pamenepo ngati nkhuku yonyowa. Atatha kuthandiza anthu ena anandiitana n'kundifotokozera kuti iwo sali okha pa ntchito imeneyi. Anali atatu, onse opuma usilikali, amene anali limodzi ku nkhondo: iwo pa Katete, wina ku Sinda, ndi a Kopolo Sakala ku Vubwi. Aliyense anali ndi bokosi lake, ndipo anthu akakolola ankasinthana mabokosiwo kuti owerenga asatope ndi mabuku omwewomwewo. M'bokosi la ku Vubwi munali buku lina la Zakeyo, lofanana ndi langali.

"Sukulu ikatsekera ndikupita kumeneko. Njira yake ndi ya zitunda, ndipo njinga imafuna wokankha."

"Mundilipira chiyani?"

"Zomwe amandilipira ine."

Amalume, amene akanayenera kukaniza ulendo wautali chotero, anavomera msangamsanga, maso ali pansi. Amayi anandikazingira mtedza, nandimangira mbatata zootcha m'kansalu. Sananene chimene akundituma, koma ndinachidziwa.

Inali nyengo yachisanu. M'mawa mphepo inkaluma makutu, masana fumbi linkalowa m'mano, ndipo ponseponse pankanunkha udzu wopsa pomwe anyamata ankasaka mbewa. Pa chigwa ndinkakwera pa chitsulo chapakati cha njinga, matako anga akulira. Pa chitunda ndinkatsika n'kumakankha bokosi kumbuyo, a Sajeni akuwongolera kutsogolo, akuwerengera mapazi ngati tili pa perete. Tinadzera cha ku Chadiza, tikugona kwa anzawo akale a usilikali. Ndinkayesa kuti tizingodutsa midzi, koma ayi. Pamudzi uliwonse waukulu ankaimika njinga n'kuyala bulangete.

"Liza," ankatero.

"Ndilize ine?"

"Wezulo ili ndi yani?"

Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti pamodzi ndi wezulo ija ndinalandiranso ntchito yake. Ndinkaliza, anthu ankabwera, ndinkathandiza kuyendera manja, ndipo poti ambiri sankatha kuwerenga, a Sajeni ankandikhazika pa bokosi kuti ndiwawerengere. Ndinkawerenga Zakeyo, chifukwa ndiye ndinkamudziwa osakakamira. Omvera ambiri anali amayi a ana kumsana ndi nkhalamba, poti amuna a midzi imeneyo anali kumwera. Ndikafika pa bwato paja n'kutseka buku, wina ankafunsa funso lomwe lija: "Nanga anafika?" Mudzi ndi mudzi, funso lomwelo, ndiponso mawu ake otsika ngati a amayi anga. Ine ndinkayesa kuti funso limeneli ndi la pakhomo pathu pokha. Pamudzi wina gogo wina anandigwira pamkono mwamphamvu, nati, "Pobwerera mudzere pompano, mwamva? Wanga ali ku Joni."

Tsiku lina tikupuma pa mwala, tikudya mbatata, ndinafunsanso funso langa lakale.

"A Sajeni, tili awiriwiri pano, ndiuzeni zoona. Phindu lanu lili pati?"

Anatafuna kwa nthawi. "Ku Burma ndinagonapo m'chipatala cha matenti, malungo atandigwetsa, maso osaona bwino. Pa bedi loyandikana panali mnyamata wa ku Petauke. Anali ndi kabuku kamodzi ka Chinyanja, ndipo ankandiwerengera tsiku ndi tsiku, kakatha n'kuyambiranso. Sanandilipiritse."

"Ali kuti tsopano?"

"Ali komweko." Anasasa makoko a mbatata pa bondo. "Dzuka, chitunda chikutidikira."

Ku Vubwi tinafika masana, mapazi anga atatupa ngati maungu. A Kopolo Sakala anali munthu wamfupi, wonenepa, wa mkono umodzi wosapindika ndi kaseko komveka kutsidya kwa dambo. Anapatsana sawatcha ndi a Sajeni ngati kuti akadali pa ntchito, kenaka maso awo anagwera pa wezulo inali pakhosi panga.

"A Sajeni, mwakola winanso?"

Sindinamve chimene ankatanthauza, ndipo ndinalibe nthawi yofunsa. Ndinathamangira ku bokosi lawo, lomwe linkasamalidwa ndi mdzukulu wawo Enelesi, mtsikana wa msinkhu wanga, wa maso akuthwa. "Manja!" anatero iyenso. Ndinamuonetsa, napukusa mutu, n'kundilozera mtsuko. Nditasamba anatulutsa bukulo koma sanandipatse. Analitsegula yekha, ali patali. Kumbuyo masamba onse analipo. Kutsogolo kunalibe. Nkhani inkayambira pomwe Zakeyo ali kale m'njira ndi makina pamutu.

"Osuta a kuno amayambira kutsogolo," anatero a Kopolo akuseka. "Ati masamba oyamba ndi moni chabe, nkhani yeniyeni ili mkati."

Enelesi anali atawerenga buku lakelo kangapo. Ankadziwa za mtsinje ndi zonse zotsatira, koma sankadziwa kuti Zakeyo anachoka bwanji kwawo, ndi kuti makinawo anawapeza bwanji. Ndinamva mtima wanga ukubwerera m'malo. Uwu tsopano unali msika weniweni: iye ali ndi mchira, ine ndili ndi mutu.

"Yamba ndiwe," ndinatero. "Katundu wanga ndi wochuluka kuposa wako."

Iye anaika buku lake pa mphasa n'kulikhalira. "Amene wayenda ulendo wonsewu ndi iwe. Ine ndili pakhomo."

Lamulo loyamba la malonda ndi lakuti wogula asaonetse njala yake. Koma ine njala yanga inali italembedwa pa mapazi. Ndinawerenga woyamba, masamba onse amene iye analibe, iye akundiimitsaimitsa kuti ndibwereze pomwe sanamvetse. Atakhutira anadzuka n'kundipatsa.

Ndinapita nalo kuseri kwa nkhokwe. Bwato linagubuduka pafupi ndi gombe. Zakeyo anapulumuka, koma makina anamira. Anayendabe chimanjamanja mpaka anafika pafupi ndi mudzi wake masana, akumva misi ikugunda m'mitondo. Pamenepo miyendo inakana. Anakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa njira, akudzifunsa kuti akalowa bwanji patapita zaka zonsezo, wopanda ngakhale mpango wa mkazi wake. Anaganiza zobwerera kumwera. Ali chikhalire choncho, panafika mnyamata woweta mbuzi, namufunsa kuti, "Mukudikira yani, bambo?" Kenaka anamugwira dzanja kuti akamwe madzi kwawo. Onse awiri sanadziwane kuti ndi bambo ndi mwana wake mpaka atafika pakhomo. Nditamaliza ndinakhala kuseriko kanthawi, chifukwa utsi unandilowa m'maso, ngakhale kuti moto unali kutali.

M'mawa mwake asilikali awiri aja anatulutsa singano yaikulu ndi ulusi wolimba. Anachotsa mathero a buku la ku Vubwi n'kuwasokera ku la ku Katete, ndipo m'mabuku awiri olumala munatuluka limodzi lathunthu. Vuto linali lakuti lilowe m'bokosi liti: lotsala ku Vubwi, kapena lopita nafe?

"Gwirizanani nokha," anatero a Sajeni, n'kukhala pansi pambali pa a Kopolo ngati anthu odzaonera gule.

Enelesi anati litsale, poti anthu a kwawo sanamvepo chiyambi. Ndinamupatsa mtedza wotsala, anakana. Ndinamuonetsa kampeni kanga, sanakayang'ane n'komwe. Maso ake anali pakhosi panga.

"Wezulo."

"Iyi ndi ya usilikali, iwe! Inapita ku Burma!"

"N'chifukwa chake ndikuifuna."

Ndikanatha kungoloweza mathero pamtima n'kukawasimba pakamwa. Ndinaganizadi zimenezo. Koma ndinakumbukira kuti ine ndine Mbasela, munthu amene ngakhale amayi anga ankagawa pawiri chilichonse chimene ndanena. Akanati ndapeka kuti ndiwasangalatse. Pankafunika aone chala changa chikuyenda pa pepala. Ndinamasula wezulo pa chingwe chake n'kumupatsa. Anaiyang'ana, natambasulanso dzanja.

"Nanga mbasela?"

Anatenga ndi chingwe chomwe. A Kopolo anaseka mpaka misozi.

Pobwerera ndinkaitana anthu ndi pakamwa, mpaka mawu anasasa. Tinadzera midzi yonse ija, ndipo paliponse ndinkayambira pa bwato. Gogo uja anamvetsera atatseka maso, ndipo nditafika pomwe Zakeyo anakhala pansi pa mtengo anamenya ndodo yake pansi, nati, "Chitsiru! Lowa m'mudzi!"

Kwathu ndinapeza amayi pakhonde pomwe paja. Ndinawawerengera pang'onopang'ono, amalume akumvetsera chapatali, fodya wawo atazima. Nditatseka buku zala za amayi zinali mu mtedza koma osasenda.

"Makinawo anamutuma ndani?" anatero. Kenaka anandiyang'ana. "Ukamagulitsa pa siteji paja, uziyang'anako anthu amene atsika n'kungokhala pansi."

Ndinayamba kuyang'ana, ndipo ndinadabwa kuti anthu otere analipo masiku onse, ine osawaona chifukwa sankagula kanthu. Munthu ankatsika m'lole ndi kasutikesi kopepuka, n'kukhala pa muzu wa mkuyu, lole n'kupita, dzuwa n'kupendeka, iye ali pomwepo. Ndinkamuyandikira n'kufunsa kuti, "Mukudikira yani, bambo?" Ena ankandithamangitsa. Ena ankatchula mudzi, ndipo ndinkawanyamulira kasutikesi mpaka pomwe agalu a kwawo ayambira kuuwa. Bambo anga sanabwere, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene anagona. Koma abambo a anzanga ndinaperekezako angapo, ulere, ine Mbasela. Ndinasiyanso kuganiza kuti aliyense wosabwerera kwawo ndiye kuti anaiwala. Ena chimene chimawatsekera njira ndi manja opanda kanthu, ndipo mwina munthu amafika pafupi kwambiri n'kubwerera chifukwa palibe amene wamufunsa.

Njinga ya a Sajeni ndinaikankha mpaka ndinamera ndevu, ku Sinda, ku Vubwi, ndi kubwerera. M'zaka zimenezo ndinaona kuti buku lililonse likabwezedwa ankaliyendetsa chala kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza asanaliike m'bokosi. Munthu wotero sakanalephera kudziwa kuti Zakeyo alibe mathero. Atakalamba kwambiri, ndinawafunsa tsiku lina tili pakhonde pawo.

"A Sajeni, tsiku lija munadumpha mabuku onse n'kutenga la pansi, munkadziwa, eti?"

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundipatsa khutu lija anatseka Ajapani.

Bokosi lobiriwira lija lili m'kagolosale kanga lero, pafupi ndi chitseko. Ndi katundu yekhayo m'nyumba imeneyi amene alibe mtengo, ndipo ana a pa Katete amadziwa kuti asanalitsegule ayenera kundionetsa manja. Buku likabwera ndimayamba kuona kumbuyo.

Ndiye tiyeni tiunike malonda aja bwinobwino. A Sajeni anataya wezulo imodzi, n'kupeza wokankha njinga wa zaka zambiri amene sanamulipirepo. Enelesi anatenga wezulo ndi chingwe chomwe, ali khale pakhomo pawo. Amalume anasuta fodya wokoma. Ine ndinataya wezulo, ndinasupuka mapazi, ndinasasa mawu, n'kubwerako ndi masamba ochepa osokedwa ndi ulusi, amene mpaka lero sindingawagulitse ngakhale mutandipatsa ng'ombe. Ndikunenabe kuti pa Katete palibe anandidyerapo pa malonda. Koma inu amene mwawerenga mpaka kumbuyo kuno, ngati amalume anu sanakusutireni tsambali, tandiuzani: pansi pa mkuyu paja, anapambana ndani?